Banga la buluu pa kapeti ya bambo

Amayi adandiimbira foni mu Ogasiti 2024 ndili ku Mzuzu, nkhani yake ya chiliza cha bambo. Simenti idali itagulidwa, mmisiri atapezeka, tsiku lovundukula litaikidwa mu Okutobala. Titamaliza kuwerengetsa za mbuzi, mpunga ndi mafuta ophikira, adayamba akhala kaye chete, kenaka nkunena kuti, "Pobwera udzatenge mankhwala ochotsera penti. Abusa ndi akulu a mpingo adzakhala pabalaza, ndiye tebulo lija lidzatuluka panja. Sindifuna kuti alendo adzaone banga lija."

Kwathu timayankhula Chisukwa, choncho mawuwa ndangowatembenuza. Koma m'chiyankhulo chilichonse, "banga lija" m'nyumba mwathu ndi limodzi lokha. Ndidayankha kuti chabwino amayi, ndamva. Nditadula foni ndidapeza kuti m'manja mwanga muli thukuta, chonsecho ku Mzuzu tsiku limenelo kunkazizira.

Amene simudafikeko ku Mughese ndikuuzeni pang'ono. Mukachoka ku Karonga pamsewu wa ku Chitipa mumatsikira pa Kapoka, nkuyamba kukwera mapiri a Misuku, dera la Mwenemisuku. Msewu wake ngokhotakhota ngati njoka yomenyedwa pamsana. Pamwamba pali nkhalango zitatu, Mughese, Wilindi ndi Matipa, zomwe boma la atsamunda lidaziteteza mu 1948. Kumpoto kuli mtsinje wa Songwe, kutsidya kwake ndi Tanzania. Minda yathu idapachikika m'mbali mwa mapiri, khofi pansi pa nthochi, nyemba m'mphepete. M'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu imatsika m'nkhalango nkulowa mpaka m'nyumba, ndipo simenti yapansi imaluma mapazi. Kumalo otere kapeti imagwira ntchito ya bulangete la mapazi. Komanso, tinene zoona, imauza mlendo kuti mwini nyumbayi adayendapo.

Bambo anga adayendapo. Adapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku TEBA, nabwerera mu 1988, chaka chomwe kulemba anthu a ku Malawi kudaimitsidwa chifukwa cha mkangano wa kuyeza magazi. Pakati pa 1988 ndi 1992 amuna pafupifupi 13,000 adabwezedwa kumudzi, ndipo bambo adali mmodzi mwa oyambirira. Adafika ndi wailesi, njinga, suti yakuda, ndi kapeti yofiirira yokulunga, yomwe adaisenza okha pamapewa kukwera nayo phiri. Ine ndidabadwa chaka chotsatira, ndiye kapetiyo ndi mkulu wanga. Wailesi idafa, njinga idagulitsidwa chaka cha njala, suti idadyedwa ndi njenjete. Ndalama zomwe ankati zidatsalira ku migodi adazidikira mpaka tsiku lomwe adatsikira kulichete mu 2023. Chotsala pa zaka zonse zomwe adakhala pansi pa nthaka ya eni chidali kapeti imeneyi. Pabalaza sitinkalowa ndi nsapato. Mwana akagwetsapo mbamu ya nsima ankaitola msangamsanga maso ali kukhomo.

Mu Disembala 1998 ndidali ndi zaka 9. Bambo adalandira ndalama za khofi, napita ku boma ku Chitipa, nkubwerako ndi shuga, nsalu ya amayi ndi chitini cha penti wa mafuta wa buluu. Ankafuna kuti Khirisimasi ipeze chitseko ndi mawindo zikuwala. Anzawo ankawaseka kuti akupenta nyumba mtundu wa Aford, poti masiku amenewo kumpoto kuno buluu adali wa Chakufwa Chihana. Adapenta tsiku limodzi, penti nkutsala theka, ndipo poopa mvula adaika chitinicho pawindo la pabalaza, chivindikiro atangochikanikiza ndi dzanja.

Mawa lake makolo adapita kumaliro kumudzi wina. Ine ndidali ndi galimoto yamawaya yomwe ndidaivutikira sabata ziwiri, ndipo ndidaona kuti chikusowa ndi penti basi. Ndidakwera pampando, kutsitsa chitini, kuchitsegula ndi supuni. Mateyala awiri ndidawapenta bwinobwino. Potembenuka kuti nditenge lachitatu, chigongono chidagunda chitini. Mpaka lero ndimaonabe mmene pentiyo ankayendera, mosafulumira, ngati phala la mwana, akulowa mu ubweya wa kapeti. Ndidatenga chisanza nkuyamba kupukuta mwamphamvu, ndipo malo omwe adali ngati chikhatho adakula kufika ngati mbale ya nsima. Nditaona kuti zandikanika ndidanyamula galimoto yanga nkuthawira kumunsi, kunthochi.

M'nyumbamo tinkakhala ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali, yemwe ndinkamutchula kuti asisi. Mayi awo adamwalira mu 1996, zaka zija maliro ankachita kutsatizana ngati mikanda, ndipo bambo adawatenga kuti aziphunzira, poti kuyambira 1994 sukulu ya pulayimale idali yaulere. Adali ndi zaka 13, ali Sitandade 6, ndipo masamu ankandiphunzitsa ndi iwo. Kusesa pabalaza idali ntchito yawo. Atabwera kotunga madzi adapeza zachitikazo, ndipo adachita zomwe aliyense akadachita: adatenga beseni, madzi ndi sopo nkugwada. Madzi sagwirizana ndi penti wa mafuta, koma mtsikana wa zaka 13 akadadziwa bwanji? Bambo polowa adawapeza ali chogwada pakati pa banga, manja ali buluu mpaka m'zigongono.

Adandiitana. "Iwe, udali kuti?"

"Kunthochi, bambo."

"Chitinichi watsitsa ndani?"

"Kaya. Ine ndangoona asisi akulowa m'nyumba."

Bodza langa lidali lomwelo, mawu osakwana khumi, ndipo theka lake lidali loona. Asisi adakwapulidwa ndi nthambi ya khofi mpaka anthu oyandikana nafe adabwera kudzaleretsa. Sadanditchule. Chaka chatsopano chitadutsa, bambo adati mwana wosamva sangamusunge, nawaperekeza kwa abale a bambo awo, kumunsi cha ku Songwe. Kumeneko sukulu idali kutali ndipo ntchito idali yambiri. Sadabwererenso m'kalasi. Adakwatiwa ali ndi zaka 16. Ine ndidapitiriza sukulu mpaka kupeza dipuloma yomwe imandilola kulemba m'nyuzipepala ngati ino. Pabanga paja adaikapo tebulo, patebulo nsalu yoluka yofika pansi, ndipo tebulolo silidasunthe kwa zaka 26.

Ndisananyamuke ku Mzuzu ndidapita kwa madala ena opaka penti omwe ndimawadziwa, munthu woti wakhala pamakwerero kuyambira nthawi ya Kamuzu. Ndidawapeza akutsuka mabulashi kuseri kwa nyumba ina yomwe ankaimaliza. Nditafotokoza, funso lawo loyamba lidali lakuti, "Penti wake ngwamadzi kapena wamafuta?"

"Wamafuta, madala. Wa zitseko."

"Watayika liti?"

"Mu 1998."

Adaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, mwabwera ndi maliro kuchipatala."

Komabe adandikhazika pachitini nkundiphunzitsa, ndipo zomwe adandiuzazo, pamodzi ndi zomwe ndidawerenga pambuyo pake, ndizilembe pano poti ena mwa inu mwina muli ndi banga laling'ono kuposa langa.

Penti wa madzi, uja timapaka m'makoma, ndi tizidutswa ta pulasitiki tosaoneka ndi maso tosambira m'madzi. Madzi akauma tizidutswato timagwirana nkupanga kachikopa. Akangotayika kumene, madzi ndi sopo zimamutha. Ngakhale atauma pali chiyembekezo: mumapala pamwamba ndi supuni kapena mpeni wobuntha, nkuikapo nsalu yonyowa ndi madzi ofunda osakaniza sopo pang'ono, kudikira kuti afewe, kupalanso, kenaka kumadinda ndi nsalu youma kuti izimwa utotowo. Mumabwereza kambirimbiri. Akakanika, sipiriti uja wapepo wa m'magolosale amathandiza kumufewetsa. Sipiriti yemweyo ndiye amakuuzani mtundu wa penti ngati mwaiwala: mukanyowetsa kansalu nkukhudza pabangapo, utoto ukatsalira pansalu ndiye kuti ngwamadzi.

Penti wa mafuta ndi nkhani ina. Timati "wauma", koma zomwe zimachitika nzoposa kuuma. Zosungunulira zija zikauluka, mafuta otsalawo amakoka mpweya wa okosijeni nkusanduka chinthu china cholimba, ndipo amapitirira kulimba kwa miyezi ndi zaka. Nchifukwa chake amapirira mvula pachitseko. Palafini kapena thina amasungunula penti wa mafuta akadali wamuwisi. Akakhwima, sangamubwezerenso m'chitini, monga mmene madzi sangabwezere nsima kukhala ufa. Akangotayika, madala aja adati, usapukute. Uwole ndi supuni kuchokera m'mphepete kulowera pakati, kenaka udinde ndi nsalu yonyowetsa pang'ono ndi palafini kapena thina, uzisintha mbali ya nsalu, pomaliza utsuke ndi sopo. Kupukuta kumakankhira penti pansi pa ubweya ndi kumumwaza. Ndidamva zimenezi ndikuona kamnyamata kaja kali ndi chisanza m'manja.

Adandichenjezanso zinayi. Thina osathira mwachindunji pakapeti, chifukwa amalowa pansi nkusungunula guluu wogwira ubweya kuchiguduli. Mankhwala alionse uyambe wayesa pakona yobisika. Petulo ndi Jik usayerekeze: petulo amayaka ndi kamoto kakang'ono chabe, pomwe Jik amadya ubweya wa nkhosa ndi kufufutitsa mtundu wa kapeti, penti nkumusiya ali phee. Chachinayi chidali cha mtovu. Penti wa mafuta wambiri wakale ankathiramo mtovu kuti aziwala ndi kuuma msanga, ndipo mtovu umaononga ubongo wa ana. A World Health Organization amati palibe mlingo wake womwe tinganene kuti ngwabwino m'thupi. Bungwe la LEEP, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2020, lidayambira ntchito yake m'Malawi muno ndipo lidapeza mtovu wochuluka m'mapenti ena a mafuta omwe ankagulitsidwa m'masitolo. Ngati zidali choncho zaka zaposachedwazi, kuli bwanji chitini cha mu 1998? Choncho penti wakale osamukhula ndi sandipepa ali wouma, osamuwotcha, ana akhale kutali, ukamaliza usambe m'manja usanagwire chakudya.

Ndidagula botolo la thina, la sipiriti, malezala ndi bulashi yolimba. Madala aja pondiperekeza adati, "Mukayese, koma mukatengenso singano ya matumba."

Ndidafika ku Mughese kutatsala masiku asanu. Okutobala ndi mwezi wabwino pa ntchito yotere chifukwa dzuwa limakhala ndi mphamvu ndipo nkhungu imachepa; mu Juni kapeti yonyowa ingathe sabata isanaume, nkuyamba kununkha nguwi. Ine ndi mphwanga tidatulutsa tebulo. Banga lidali pomwepo, lalikulu kuposa mmene ndinkalikumbukirira, buluu wake atadera ngati thambo la mvula, lolimba ngati chikopa chouma. M'mphepete mwake munkaonekabe mizere ya chisanza changa, ndipo pambali pake mizere ina yozungulira, ya munthu yemwe ankatsuka ndi sopo. Tidaikulunga kapetiyo nkukaiyala pabwalo, kutali ndi khitchini ndi mbaula.

Ndidayamba ndazula kaulusi kamodzi m'mphepete nkukayatsa ndi machesi, kuti ndidziwe kuti kapetiyo ndi yanji. Ubweya wa nkhosa ukapsa umanunkha ngati tsitsi ndipo umasiya phulusa lofikisika. Nayiloni ndi anzake amasungunuka nkusiya kambulu kolimba. Kathu kadasungunuka. Ndiye kuti chuma cha bambo, chomwe tinkachiopa ngati guwa la m'tchalitchi, chidali pulasitiki wamba wa m'sitolo za anthu a m'migodi. Sindidawauze amayi.

Sipiriti sadachite kanthu, monga ndinkayembekezera. Ndidanyowetsa banga ndi madzi kuti fumbi lisauluke, nkupala ndi supuni. Timagawo ta pamwamba tidathetheka nkuchoka, ndipo kwa ola limodzi ndidadzinamiza kuti zitheka. Pansi pake ndidapeza kuti penti ndi ubweya zidasanduka chinthu chimodzi. Palafini adangonyowetsa. Thina ndidamuyesa pakona yomwe imakhala kuseri kwa chitseko, ndipo patapita mphindi zochepa ubweya wa pamenepo udayamba kuzuka ndi zala. Pabanga penipeni adangofewetsa pamwamba, nsalu nkutenga kabuluu kotuwa, koma pansi osasuntha. Tsiku lonse lidatha choncho, mutu ukuwawa ndi fungo, mawondo atachita zipsera.

Madzulo a tsiku lachiwiri amayi adabwera nkukhala pamphasa chapatali, akusankha nyemba. Ndidali nditabwereranso ku palafini. Adanunkhiza, nkunena osandiyang'ana, "Fungo limeneli limandikumbutsa usiku uja."

"Usiku uti, amayi?"

"Uja ndidakupukuta kumapazi. Udagona osasamba. Ndikukufunditsa ndidaona buluu pakati pa zala zakuphazi ndi kuseri kwa chigongono. Ndidathira palafini wa m'koloboyi pakansalu nkukupukuta uli m'tulo, kenaka ndi madzi ofunda. Kabudula wako ndidakamutaya m'chimbudzi."

Ndidasiya supuni. Zaka 26 ndinkaganiza kuti chinsinsicho nchanga ndekha, ndipo ndinkachisenza monyadira pang'ono, ngati munthu wosenza katundu wolemera yemwe ena sakumudziwa. Kani tidali awiri, tikudya mbale imodzi, aliyense akubisira mnzake.

"Bwanji simudanene?"

"Bambo ako tsiku lija sadali munthu. Ndidaona mmene adamumenyera mwana uja, ndidati mawa akadziwa kuti wanamanso, uyu amuthyola mkono. Ndidati ndinena mtima wawo ukatsika. Mtima utatsika, mwana adali atapita. Kenaka ndidachita manyazi." Adatola kamwala m'nyemba nkukaponya. "Komanso chaka chimenecho chakudya chidali chochepa. Pakamwa pamodzi patachoka ndidapuma. Zimenezo ndiye ndimalephera kumuuza Mulungu."

Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pamaliro timanena, paukwati timanena. Koma usiku, nyali ili m'manja, mayi akaona buluu kuphazi la mwana wobala yekha, mwambi uja umakhala panja. Sindikuwaweruza amayi, poti zomwe adachitazo adachitira ine, ndipo phindu lake ndidadya ndine. Bambonso sindingawaike pa mlandu okha. Munthu yemwe adapereka mapapo ake ku mgodi nkubwera ndi kapeti ya pulasitiki, atapeza kuti nayonso yaonongeka, ukali wake udali ndi kochokera, ngakhale udagwera wosalakwa. Woyambitsa ndi uja adati "ndangoona asisi akulowa m'nyumba."

Asisi adafika tsiku lachitatu kudzathandiza zophika, atasenza mkoko wa nthochi, mwana wawo wotsiriza akuwatsata ndi nkhuku kukhwapa. Pazaka zonsezi tinkaonana pamaliro ndi pamaukwati, kupatsana moni, kufunsana za ana, basi. Ali ndi zaka 39 koma mukawaona mungawonjezere khumi. "Mwaghona," adatero, nkutula mtolo. Adayang'ana kapeti, mabotolo anga, ndi ine.

"Iwe, ukuvutikiranji? Chimenechi sichichoka. Ndidayesa kale ine."

Adanena akuseka, ndipo kuseka kwakeko kudandipweteka kuposa mbama. Ndidawauza za singano ya matumba. Adagwada, nayendetsa chikhatho pakapeti uku ndi uku kuti aone komwe ubweya udagonera, nafunsa ngati pali mbali yomwe imakhala pansi pa kabati. Idalipo. Iwo ndi amene amasoka matumba a khofi kwawoko nthawi yokolola, ndiye ntchitoyo adailanda m'manja mwanga osapempha.

Tidatembenuza kapeti. Adaika mbale yaikulu pamwamba pa banga cha kuseri, najambula mozungulira ndi khala, kenaka adasintha maganizo nkujambula ngodya zinayi, ati chozungulira chimavuta kulumikiza. Adadula ndi lezala kuchokera kuseri, kuti adule chiguduli chokha osameta ubweya. Chidutswa chodulacho adachiika pambali ya pansi pa kabati ija ngati muyeso, nkudula china chofanana ndendende, ataonetsetsa kuti ubweya wake wagonera mbali yomweyo. Pansi adayalapo kachiguduli katsopano kokulirapo, nayamba kusoka ndi ulusi wa matumba, ine nditagwira m'mbali kuti zisasunthe. Mitu yathu idali pafupi ngati kale tikuwerenga masamu pa nyali imodzi.

Ndidayankhula ndikuyang'ana singano. "Asisi, penti uja ndidataya ndine."

Singano sidaime. "Ndikudziwa."

"Mudadziwa liti?"

"Tsiku lomwelo. Galimoto yako idali ndi mateyala awiri a buluu. Udakaibisa kunthochi, ndidaiona pokataya madzi."

"Nanga bwanji simudanene?"

Apa ndiye adaima, nandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. "Ndikadauza ndani? Iwe udali mwana wa m'nyumba. Ine ndidali wodyetsedwa. Ndikadati ndi iwe, akadati wamasiye uyu ngwabodzanso." Adakoka ulusi ndi mano. "Ndinkadikira kuti unena wekha. Usiku uja ndidadikira. Tsiku londiperekeza ndidadikira mpaka pamtsinje. Kenaka ndidasiya."

Ndidapepesa. Mawu ake adatuluka ochepa ndi opepuka, ofanana ndi omwe timanena tikaponda munthu phazi m'minibasi. Ndidayamba kunena kuti ngati pali chomwe ndingachite, za ana, za ndalama, koma adandidula.

"Ndalama ukandipatsa ndilandira, sindine wolemera. Koma si zimenezo. Amalume adandimenya anthu akuona. Mudzi wonse udamva kuti ndine mwana woononga, wosayamika. Kwathu kuja adandilandira ndi mbiri imeneyo. Apongozi anga mpaka lero mbale ikasweka amati paja iwe udayamba kale. Iwe ukundipepesa kuseri kwa nyumba, tili awiri. Loweruka anthu onse aja adzakhala pano. Ukanene pomwepo."

Usiku umenewo sindidagone. Ndimalemba ndakatulo zodzudzula andale, ndipo ndaimapo pamaso pa anthu ambiri ndikuwerenga za chilungamo, mawu akumveka bwino. Koma kuima pamanda a bambo ako, pamaso pa abale ako, nkunena kuti munthu tikumulemekezayu adalanga wosalakwa chifukwa cha bodza langa, ndi ntchito ina. Ndidaganiza zoti ndidwale. Ndidaganiza zoti ndinene mozungulira, mwa miyambi, kuti omva amve. Mlandu suola, amatero akuluakulu, koma sanena kuti ukaufukula umanunkhira onse okhala pafupi.

Loweruka chiliza chidavundukulidwa, nyimbo zidaimbidwa, abusa adalalikira. Itafika nthawi yoti mwana wamkulu ayankhule m'malo mwa banja, ndidathokoza onse monga mwa mwambo, ndidanena za bambo, za mgodi, za khofi yemwe adatiphunzitsa naye sukulu. Kenaka ndidanena kuti mu Disembala 1998 ndidataya penti pakapeti, ndidanamizira asisi, iwo adamenyedwa nachotsedwa pakhomo pano, ndipo sukulu yawo idathera pomwepo. Ndidati bambo adamwalira osadziwa, ndipo wolakwa ndine. Za amayi sindidanene, zimenezo nzawo.

Ena adaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za ubwana zomwe anthu amakamba pa miyambo yotere. Ataona kuti sindikuseka, padagwa bata loti mbalame za m'nkhalango zinkamveka. Bambo aang'ono adandikokera pambali pambuyo pake nkundiuza kuti pamanda si pofukulira nkhani, ndawachititsa manyazi akufa. Mwina akunena zoona. Gogo wina yemwe adaleretsa nawo tsiku lija adandigwira dzanja nthawi yaitali osanena kanthu. Asisi adali kumoto, chipande chili m'manja. Adamva zonse, poti pabwalo pathu mpapang'ono. Sadalire, sadabwere kudzandikumbatira. Pogawa chakudya adandiikira nyama ngati wina aliyense. Madzulo ndidaona amayi atakhala nawo kuseri kwa khitchini, awiriwiri, nthawi yaitali, ndipo sindidafunse zomwe adakambirana.

Abusa ndi akulu a mpingo adakhala pabalaza monga amayi adafunira. Chigamba chinkaoneka, ndipo chimaonekabe. Chidutswa chija chidakhala pansi pa kabati zaka 36 osaona dzuwa kapena phazi, ndiye nchofiira kwambiri kuposa kapeti yonse, ngodya zinayi zowala pakati pa chofwifwa. Mkulu wa mpingo wina adafunsa ngati adachita kupanga choncho ku Joni komweko. Amayi adati ayi, wasoka ndi mwana wanga uyu, naloza asisi omwe ankalowa ndi beseni la madzi osamba m'manja.

Chidutswa cha buluu chija mphwanga adafuna kuchiponya pamoto. Asisi ndi amene adamuletsa. "Paja akuti muli mtovu," adatero. Adachikulunga m'pepala la pulasitiki nkukachiponya m'chimbudzi, momwe mudapita kabudula wanga uja, ngakhale dzenje lake ndi lina.

Sindinganene kuti zinthu zidakonzeka. Sitandade 6 ya mu 1998 palibe angaibweze, ndipo apongozi aja sindikudziwa ngati uthenga udawafika ndi kuwasintha. Chomwe chidasintha nchakuti asisi tsopano amandiimbira foni. Nthawi zina amafuna thandizo, nthawi zina amangofuna kundiuza mtengo wa khofi kapena kuti mwana wakhoza mayeso. Pomaliza amati "ndagha", ine nkusowa choyankha.

Pa Khirisimasi ndidapitanso ku Mughese. Ndidapeza tebulo labwerera pamalo pake, pamwamba pa chigamba, nsalu yoluka ikufika pansi ngati kale. Ndidafunsa amayi chifukwa chake, poti banga lidachoka. Adati nanga tebulo likakhala kuti, nyumbayi ndi yaing'ono.